NYENYEZI YOWALA YA KUMWERA NDI MADZUWA AWIRI OZUNGULIRANA

M'miyezi ya cisanu, kuyambira May kufikira July, pamene mitambo ya mvula yatha ndipo utsi wa moto wa m'chire usanadzaze mlengalenga, munthu woima m'mbali mwa msewu wa Zambezi ku Roma nthawi ya madzulo, akapenya kumwera amaona nyenyezi zinai zoima ngati mtanda. Kumanzere kwa mtandawo kuli nyenyezi zina ziwiri zowala kwambiri zimene zimaoneka ngati zikuuloza. Anthu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga amaziona cimodzimodzi, pakuti thambo la Lusaka ndi limodzi. Mwa ziwirizo, imene ili kutali ndi mtanda ndiyo yowala koposa, ndipo kuwala kwake kuli kwacikasu pang'ono. Akatswiri a zakuthambo amaicha Alpha Centauri.

Nyenyezi imeneyi ili ndi mbiri pa zifukwa zitatu. Coyamba, ndi yacitatu pa kuwala mwa nyenyezi zonse za usiku. Imapambanidwa ndi Sirius ndi Canopus zokha. Caciwiri, mwa nyenyezi zonse zooneka ndi maso usiku, palibe ina yapafupi ndi dziko lapansi koposa iyo. Cacitatu, ndipo ici ndico cimene ambiri sacidziwa, siili nyenyezi imodzi. Ndi madzuwa awiri ofanafana ndi Dzuwa limene limaumitsa cimanga m'munda, ndipo amazungulirana kamodzi pa zaka pafupifupi 80. Kuzungulirana kumeneko kunapatsa anthu njira yoyesera kulemera kwa nyenyezi popanda kuikhudza, ndipo mbali yaikulu ya nchitoyo inacitikira pa nthaka ya Africa, pansi pa thambo lomweli limene liphimba Lusaka.

KUMENE IPEZEKA

Makolo anali kulidziwa thambo. Anasiya maina monga Nthanda, Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba, ndipo anali kuwerenga nyengo ndi nthawi ya usiku mwa kupenya kumwamba. Alpha Centauri ili m'kati mwenimweni mwa Mlalang'amba, mzere woyera uja wodutsa thambo ngati njira ya phulusa. Dzina lake lina ndi Rigil Kentaurus, locokera ku Ciarabu, ndipo litanthauza phazi la Centaurus, cilombo ca m'nthano za Agiriki cimene anthu akale anali kuciona m'kaundidwe ka nyenyezi za dera limenelo.

Lusaka ili madigiri 15 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Cifukwa ca ici, nyenyeziyi ikakwera kufika pamwamba pa njira yake imaima madigiri 45, ndiko kuti pakatikati pa m'munsi mwa thambo ndi pa liwombo. Kuciyambi kwa June imafika pamenepo cakuma 10 koloko usiku, ndipo m'mwezi wa July imafikapo mdima utangogwa. Kumathero a caka imabvuta kuiona madzulo, koma imaturukanso m'bandakuca.

Anthu a ku London, Paris kapena Moscow saiona konse, cifukwa kwa iwo siituruka pamwamba pa nthaka. Munthu aliyense wokhala kumpoto kupitirira madigiri 29 ayenera kuyenda ulendo kuti akaione. Ici ndico cinacititsa kuti akatswiri a ku Ulaya akwere zombo kudza kumwera ndi zipangizo zao.

MTUNDA WAKE

Mitunda ya kuthambo siyesedwa bwino ndi makilomita, motero akatswiri amayesa ndi liwiro la kuwala. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kucokera ku Dzuwa, limene lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, kumafika pa dziko lapansi m'mphindi 8 ndi masekondi 20. Kucokera ku Alpha Centauri kumatenga zaka 4 ndi miyezi 4. Kuwala kumene kulowa m'maso mwa mwana wa Giredi 5 usiku uno kunanyamuka iye ali mu Giredi 1. Mwa makilomita, mtundawo uposa pang'ono 41,000,000,000,000.

Ciwerengero cotere sicikhala m'mutu, koma citsanzo cingathandize. Dzuwa litacepetsedwa kufikira ukulu wa nzama imodzi ndi kuikidwa pa msewu ku Roma, dziko lapansi lingakhale kambewu ka ufa pa mtunda wa mita imodzi. Pulaneti Neptune, yakutali koposa mwa mapulaneti 8, ingakhale pa mamita 30, tsidya la mpanda wa nyumba yoyandikana. Kupitirira apo palibe dzuwa lina m'Lusaka yense, ngakhale ku Kabwe, ngakhale ku Kapiri Mposhi. Nzama ziwiri zoimira Alpha Centauri zingapezeke pa makilomita 276, ndiwo mtunda wa ku Ndola monga mmene mbalame iulukira. Amenewo ndiwo anansi apafupi a Dzuwa.

Nyenyezi inzake yoloza mtanda, yochedwa Beta Centauri kapena Hadar, ili pa mtunda umene kuwala kumatha zaka pafupifupi 390. Ziwirizi zingooneka zoyandikana monga nyali ya pa khonde ndi moto wa pa phiri lakutali zikakhala pa mzere umodzi. Palibe cibale pakati pao. Mnzake weniweni wa Alpha Centauri ali m'kati mwa kuwala kwake komweko, kumene maso safika.

MADZUWA AWIRIWO

Woyamba kuona kuti nyenyeziyi ili pawiri anali wansembe wa Cijezwiti wa ku France, Bambo Jean Richaud. M'mwezi wa December 1689 anali ku Pondicherry, m'dziko la India, akutsatira nyenyezi ya mcira ndi telesikopu yake. Telesikopuyo italoza ku Alpha Centauri, anaona timoto tiwiri m'malo mwa kamodzi. Aliyense amene anaimapo usiku pa msewu wa Great East adziwa mmene ici cicitikira: galimoto ikakhala kutali nyali zake zimaoneka ngati imodzi, koma ikayandikira zimagawikana. Telesikopu imacita nchito yoyandikitsa imeneyo.

Lero akatswiri amazicha A ndi B. Nyenyezi A ndiyo yaikulu, ndipo ili ngati mkulu wake wa Dzuwa. Dzuwa likayesedwa 100, kulemera kwa A kuli 108, m'mimba mwake muli 122, ndipo kuwala kwake kuli 150. Kutentha kwa pamwamba pake kuli madigiri 5,500 a Celsius, pafupifupi cimodzimodzi ndi Dzuwa, ndico cifukwa cake mtundu wake ufanana ndi wa Dzuwa.

Nyenyezi B, imene mu 2018 bungwe la akatswiri a zakuthambo a dziko lonse linaipatsa dzina lakuti Toliman, ndi yocepako. Pa muyeso womwewo kulemera kwake kuli 91, m'mimba mwake muli 86, ndipo kuwala kwake kuli 50, ndiko kuti theka la kuwala kwa Dzuwa. Kutentha kwa pamwamba pake kuli pafupifupi madigiri 5,000, ndipo mtundu wake upendekera ku lalanje. Wosula zitsulo adziwa tanthauzo la mitundu imeneyi. Citsulo cikaikidwa pa moto ciyamba kufiira, kenaka cikhala ca lalanje, ndipo cikatentha kwambiri ciyera. Mtundu wa nyenyezi uonetsa kutentha kwake m'njira yomweyo.

Pali cinthu cofunika kucisamala m'ziwerengero izi. A iposa B pa kulemera ndi gawo locepa cabe, komabe iwala katatu kuposa mnzake. Cifukwa cake ndi ici: nyenyezi imawala ndi moto wa pakati pake, pamene mpweya wa hydrogen upanikizidwa ndi kusandulika helium. Nyenyezi yolemera ipanikiza pakati pake mwamphamvu, motero motowo uyaka mwaukali ndipo nkhuni zake zitha msanga. A idzakalamba B isanakalambe, ngakhale kuti zonse ziwiri zinabadwa pamodzi kucokera mu mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi zaka zoposa 5 biliyoni zapitazo, Dzuwa lisanakhaleko.

MMENE ZIZUNGULIRANA

Mphamvu imene igwetsa mango pansi ndi kusunga mwezi pafupi ndi dziko ndiyo yomwe imanga nyenyezi ziwirizi. Iliyonse ikoka inzake, koma sizigundana cifukwa zonse zili pa liwiro, monga ana awiri ogwirana manja nazungulira pabwalo. Palibe imene iima pamalo amodzi. Zonse zizungulira malo apakati pamene palibe kanthu. Malowo ali ngati pamene munthu aika phewa posenza zitini ziwiri za madzi pa mtengo: citini cimodzi cikalemerapo, phewa lisendera ku mbali yake. Momwemonso malo apakatiwo ayandikira pang'ono kwa A.

Njira yao siili yozungulira ngati mkombero wa mtondo. Ili yotalika ngati dzira. Zikayandikana koposa, pakati pao pakhala mtunda woposa wa dziko ndi Dzuwa nthawi 11, woposa pang'ono wa Dzuwa ndi pulaneti Saturn. Zikatalikirana koposa, mtundawo ufika nthawi 36, kupitirira pamene pali Neptune. Pa citsanzo ca nzama cija, ziwiri za ku Ndola nthawi zina zikhala motalikirana mamita 11, nthawi zina mamita 36. Poyandikana zithamanga kwambiri, potalikirana ziyenda mwaulesi.

Zaka zake n'zodziwika. Zinayandikana koposa mu August 1955, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia. Zinatalikirana koposa mu May 1995, ndipo zidzayandikananso mu May 2035. Kuyambira tsiku la ufulu, pa 24 October 1964, nyenyezizi sizinatsirize ngakhale ulendo umodzi. Zidzabwerera pamene zinali usiku umenewo m'caka ca 2044.

Koma cimene telesikopu ionetsa cisiyana ndi mtunda weniweni, cifukwa dziko lapansi lipenya njirayo ca m'mbali. Licero loonedwa kucokera pamwamba lioneka lozungulira, koma loonedwa ca m'mphepete lioneka ngati kamzere kocepa. Njira ya A ndi B ioneka motero, yopyapyala ndi yaitali, kotero kuti pa ulendo umodzi nyenyezizi zioneka zikuyandikana kawiri ndi kutalikirana kawiri.

Poyesa mpata wooneka pakati pao, akatswiri amagawa digiri imodzi m'tizigawo 3,600. Mwezi wathunthu uli tizigawo 1,800 m'mimba mwake, ndipo diso la munthu silitha kulekanitsa zinthu ziwiri zoyandikana kuposa tizigawo 60. Cakuma 1980 mpata wa A ndi B unafika pacimake, tizigawo 22. Unacepa kufikira tizigawo 4 mu 2016, ndipo kucokera pamenepo wakhala ukukulanso. Udzafika tizigawo 10 cakuma 2029, kenaka udzacepa msanga kufikira tizigawo tosakwana 2 m'caka ca 2037. Udzafikanso pacimake cakuma 2060.

KUYESA NYENYEZI PA SIKELO

Munthu angafunse kuti: kodi anadziwa bwanji kulemera kwa cinthu cimene palibe anacifikapo? Yankho lili m'kuzungulirana komweku. Johannes Kepler wa ku Germany anafalitsa lamulo la kayendedwe ka mapulaneti mu 1619, ndipo Isaac Newton wa ku England anafotokoza cifukwa cake mu 1687. Lamulolo linena kuti zinthu ziwiri zozungulirana, zikakhala zolemera zikokana mwamphamvu, motero zitsiriza ulendo wao msanga. Munthu akadziwa ukulu wa njira ndi nthawi ya ulendo, kulemera kumaturuka kokha.

Wophunzira wa ku sekondale angathe kucita samu imeneyi m'kope lake. Mtunda wapakatikati wa A ndi B uposa wa dziko ndi Dzuwa nthawi 23.4. Atenge 23.4, aicurukitse ndi 23.4, ndiponso ndi 23.4, ndipo adzapeza 12,813. Atenge zaka 80, azicurukitse ndi 80, ndipo adzapeza 6,400. Akagawa 12,813 ndi 6,400 yankho ndi 2. Ndiko kuti nyenyezi ziwirizi pamodzi zilemera ngati madzuwa awiri. Pofuna kudziwa gawo la iliyonse, akatswiri amapenya kuti ndi iti isuntha kwambiri pozungulira malo apakati aja, pakuti yopepuka ndiyo iyenda njira yaikulupo.

Apa ndipo pagona phindu la nyenyezi zoyenda pawiri. Nyenyezi yokhala yokha siiulula kulemera kwake. Akatswiri anayesa zoyenda pawiri zambiri, napeza mgwirizano wa pakati pa kulemera ndi kuwala, ndipo ndi mgwirizano umenewo amayerekeza kulemera kwa nyenyezi zina zosawerengeka. Popeza Alpha Centauri ili pafupi, ndipo nyenyezi zake zifanana ndi Dzuwa, ikhala ngati mwala wa sikelo umene zina ziyesedwa nao. Munthu wofuna kudziwa mmene Dzuwa lidzakhalira likakalambako apenye A.

GAWO LA AFRICA

Samu ija siitheka munthu asanadziwe mtunda wa nyenyeziyo, ndipo kwa zaka mazana ambiri palibe anatha kuyesa mtunda wa nyenyezi iliyonse. Njira yake inali yodziwika. Munthu akatambasula mkono, naimika cala, natsinzina diso limodzi kenaka linzake, calaco cioneka cikusuntha poyerekeza ndi mitengo yakutali. Dziko lapansi pozungulira Dzuwa licita ngati maso awiriwo: mu January lili mbali ina, mu July lili mbali ina, ndipo nyenyezi yapafupi iyenera kuoneka itasuntha pang'ono. Bvuto linali kucepa kwa kusunthako. Kwa Alpha Centauri muyeso wake sukwana ngakhale kacigawo kamodzi ka tizigawo tija. Uli ngati ukulu wa nzama yoonedwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3.

Mu 1820 boma la Britain linakhazikitsa nyumba yopendera nyenyezi ku Cape of Good Hope, kuti lithandize zombo zake kupeza njira pa nyanja za kumwera. Mu 1832 kunafika Thomas Henderson wa ku Scotland kudzayang'anira nyumbayo. Anakhalako caka cimodzi cokha, koma kuyambira April 1832 kufikira May 1833 anayesa malo a Alpha Centauri mobwerezabwereza. Mnzake Manuel Johnson, amene anali pa cisumbu ca St Helena, anamdziwitsa kuti nyenyeziyi iyenda mofulumira pakati pa zinzake, cizindikiro cakuti ili pafupi. Zoonadi, imasuntha mtunda wofanana ndi ukulu wa mwezi pa zaka 500 zilizonse. Henderson atabwerera kwao anapenda ziwerengero zake, napezamo kusuntha kumene anthu anali kukufunafuna.

Koma anaopa. Ena asanabwere iye ananenapo kuti ayesa mtunda wa nyenyezi, napezeka olakwa, ndipo iye sanafune kusekedwa. Anasunga zimene anapeza, akudikira umboni wina. Ali cidikirire, Friedrich Bessel wa ku Königsberg analengeza mu 1838 mtunda wa nyenyezi ina yochedwa 61 Cygni, ndipo ulemu wa kukhala woyamba unapita kwa iye. Henderson anafalitsa zake mu January 1839. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Komabe mabuku a mbiri abvomereza kuti miyeso yoyamba imene inapereka mtunda wa nyenyezi inatengedwa mu Africa, ngakhale kuti Henderson anaiika nyenyeziyo pafupi kuposa pamene ili.

Amene analowa m'malo mwake ku Cape, Thomas Maclear, anapitiriza miyesoyo natsimikiza kuti kusunthako kulikodi. Maclear yemweyu ndiye anathandiza David Livingstone kukhwima pa luso lopeza malo a mitsinje ndi midzi mwa kupenya nyenyezi, pamene Livingstone anali ku Cape Town mu 1852, ndipo pambuyo pake anali kupenda miyeso imene Livingstone anali kumtumizira kucokera ku Zambezi. Cape Maclear ya ku Nyanja ya Malawi inachedwa dzina lake. Pambuyo pake, mu 1926, William Finsen wa ku Johannesburg anawerengera njira ya A ndi B, ndipo zimene anapeza ziyandikana kwambiri ndi zimene zibvomerezedwa lero.

Onsewa anali Azungu, ndipo anagwira nchito m'nyumba za maboma a atsamunda pa nthawi imene ana a Africa sanali kupatsidwa mpata wa maphunziro otere. Cimene Africa inapereka pa nthawiyo cinali thambo lake.

MNZAO WACITATU

Mu 1915 Robert Innes, mkulu wa nyumba yopendera nyenyezi ya Union ku Johannesburg, anali kuyerekeza zithunzi ziwiri za dera limeneli zojambulidwa pa zaka zosiyana. Anaona kanyenyezi kozilala kamene kanasuntha mofanana ndi Alpha Centauri, kulinga mbali imodzi ndiponso pa liwiro limodzi. Anakacha Proxima, liwu la Cilatini lotanthauza yapafupi koposa, ndipo miyeso ya pambuyo pake inaonetsa kuti dzinalo linali loyenera. Kuwala kwake kumafika kuno m'zaka 4 ndi miyezi 3, motero ndiyo nyenyezi yapafupi ndi Dzuwa koposa zonse zodziwika.

Proxima siioneka ndi maso. Ndi yaing'ono ndi yofiira. Dzuwa liiposa kulemera nthawi 8, ndipo pa kuwala kooneka ndi maso liiposa nthawi pafupifupi 20,000. Pa thambo ili kutali ndi A ndi B mtunda wa miyezi inai yondandalikidwa, ndipo pa citsanzo ca nzama ingakhale pa makilomita 13 kucokera kwa ziwirizo. Mu 2017 akatswiri anaonetsa kuti iyo izungulira A ndi B, ndipo ulendo umodzi utenga zaka zoposa 500,000. Cotero banjali lili ndi nyenyezi zitatu: ziwiri za m'nyumba, ndi imodzi yomanga kutali kumphepete kwa mudzi.

Mu August 2016 kagulu ka akatswiri ogwiritsa nchito matelesikopu a ku La Silla, m'dziko la Chile, kanalengeza kuti Proxima ili ndi pulaneti yolemera mofanana pang'ono ndi dziko lapansi, imene iizungulira m'masiku 11. Ili pa mtunda pamene madzi angathe kukhala osauma gwa ndiponso osaphwa, koma Proxima imalavula malawi aukali kawirikawiri, ndipo malawi otere angathe kukokolola mpweya wa pulaneti. Nkhani zotere zifunika kudekha. Mu 2012 kunalengezedwa pulaneti yozungulira B, koma pofika 2015 akatswiri ena anaonetsa kuti cizindikiroco cinacokera m'kawerengedwe ka miyeso, ndipo pulanetiyo inafafanizidwa m'mabuku.

Za ulendo wopita kumeneko, ziwerengero n'zosabisa. Combo ca Voyager 1, cimene cinaponyedwa kuthambo mu 1977, cimayenda makilomita 17 pa sekondi imodzi. Cikadakhala kuti cilinga ku Alpha Centauri, cikadafuna zaka zoposa 70,000. Zonse zimene anthu adziwa za madzuwa amenewa anazidziwa ali pansi pano, mwa kupenya, kulemba ndi kuwerengera.

MWAI WA ANA A LUSAKA

Masiku ano Africa siingopereka thambo lokha. Ku Sutherland, m'cipululu ca Karoo ku South Africa, kuli telesikopu yaikulu ya SALT imene inatsegulidwa mu 2005, ndipo m'cipululu comweco muli mbale 64 za MeerKAT zomvera mafunde a wailesi ocokera kuthambo, zimene zinatsegulidwa mu 2018. Zambia ili pakati pa maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa nchito yaikulu ya Square Kilometre Array, pamodzi ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique ndi Namibia. Nchito yotere ifuna anthu odziwa samu, sayansi, magetsi ndi makompyuta. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegula zitseko zake mu 1966 ndipo iphunzitsa maphunziro amenewa, ili pafupi ndi Roma, mtunda woyenda pansi. Funso ndi lakuti ana odzakhala pa mipando imeneyo adzacokera kuti ngati akula osapenyapo kumwamba.

Anthu a Lusaka anaonetsa kale kuti cidwi ali naco. Pa 21 June 2001, pamene mwezi unaphimba Dzuwa kotheratu masana kwa mphindi zoposa 3, mzinda wonse unaturuka panja pamodzi ndi alendo ocokera m'maiko ambiri. Kadamsana amabwera kamodzikamodzi, koma Alpha Centauri imaturuka caka ndi caka.

Cimene cikucepa ndi mdima. Nyali za pa mipanda ya ku Roma, Kabulonga ndi Woodlands, ndi za m'misewu ndi m'masitolo akuluakulu, zimataya kuwala kwambiri kumwamba kumene sikuthandiza aliyense. Alpha Centauri ioneka ndithu cifukwa ndi yowala, koma Mlalang'amba wazimiririka m'madera ambiri a mzinda. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a Kariba ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri, mabanja anabvutika kwambiri, komabe m'mdima umenewo ana ena a m'tauni anaona Mlalang'amba kwa nthawi yoyamba. Sikufunika tsoka kuti thambo lioneke. Nyali yoikidwa cibvundikiro pamwamba, yoloza pansi, iwalitsa bwalo bwino koposa, icepetsa ndalama za magetsi, ndipo isiyira ana nyenyezi.

Cipangizo cofunika si ca mtengo wapatali. Telesikopu yaing'ono, ya galasi la masentimita 6 kapena 8, yoikidwa pa miyendo yosagwedera, ikwanira kugawa A ndi B pa zaka zino pamene mpata wao ukukula. Aphunzitsi akumbukire lamulo limodzi: telesikopu siilozedwa ku Dzuwa, pakuti ingacititse khungu nthawi yomweyo. Sukulu imene ingagule imodzi, kapena kubwerekana ndi masukulu anzake a ku Ng'ombe, Kalundu ndi Olympia, ingasonkhanitse ana usiku umodzi m'mwezi wa June caka ciliconse, kuti ajambule m'buku la sukulu mmene nyenyezi ziwirizo zakhalira, ndi kulemba tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa caka cimodzi kusintha kudzakhala kocepa, koma pa zaka zisanu buku lidzaonetsa poyera kuti B yasuntha.

Nthawi yoyambira ndi ino. Pambuyo pa 2029 mpatawo udzayamba kutsekeka, ndipo cakuma 2037 telesikopu yaing'ono idzalephera kuzigawa. Ana amene ayamba kujambula tsopano adzaona ndi maso ao madzuwa awiri akuyandikana kufikira akhala ngati amodzi, kenaka akupatukananso. Pofika cakuma 2060, pamene mpatawo udzafika pacimake, iwo adzakhala akulu a zaka za m'ma 40, ndipo buku la sukulu yao lidzakhala ndi zithunzi za gawo lalikulu la ulendo wa zaka 80, zojambulidwa ndi manja a ana a Zambia.